Chigaza chikasokoneza mafunde ochizira ubongo

FUNSO: Bambo anga amanjenjemera manja moti sathanso kumwa tiyi osadzitayira. Madokotala kuno ku Britain ankafuna kuwathandiza ndi ultrasound popanda kung'amba mutu, koma atawajambula ndi CT anati chigaza chawo n'chovuta. Kodi fupa likukhudzana bwanji ndi kunjenjemera? Wowerenga wathu wa ku Leeds.

YANKHO: Pepani ndi matendawo. Fupa si limene likuwanjenjemeretsa bambo anu, koma ndi pamene mafunde a ultrasound ochizirawo ayenera kudutsa. Mafundewa ndi a mtundu womwewo wa sikani ya amayi oyembekezera, kungoti ndi amphamvu kwambiri. Wodwala amametedwa mpala, amagona mu makina a MRI ali maso, ndipo amavekedwa chisoti cha Exablate Neuro chokhala ndi tizipangizo 1,024 totulutsa mafunde, madzi ozizira akuzungulira pakati pa chisoti ndi khungu. Mafunde onsewo ayenera kukumana pa kadontho kamodzi mu thalamus, mkatikati mwa ubongo, n'kukatenthetsa kufika madigiri 55 mpaka 60 kuti kapse, kunjenjemera kuchepe.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu ubongo mafundewa amayenda mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, pamene m'fupa lolimba liwirolo limatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndipo chigaza n'chokhuthala pena, chopyapyala pena, pakati pake pali fupa la timabowo ngati siponji. Motero ena amafika msanga, ena mochedwa, n'kumafafanizana m'malo mothandizana. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950, pa kafukufuku wa William ndi Francis Fry ku America, ankayamba achotsa chidutswa cha chigaza.

Mu 2002 akatswiri ofufuza Greg Clement ndi Kullervo Hynynen anaonetsa kuti chithunzi cha CT chingathetse vutoli. Kompyuta imayeza fupa limene lili kutsogolo kwa kachipangizo kalikonse, kenaka imachedwetsa pang'ono mafunde amene akanafika msanga, kuti onse afikire limodzi. Kwa ine, nzeru imeneyi ndiyo inatsegula njira yoti bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, livomereze chithandizochi mu 2016.

Komabe kompyuta imakonza nthawi yofikira, siingabweze mphamvu imene fupa lameza. Muyeso wotchedwa skull density ratio, woyerekeza kulimba kwa fupa la timabowo lija ndi kwa fupa lolimba, ukatsika pansi pa 0.4, kutentha kwambiri kumathera m'fupa, mutu umapweteka, ndipo kadontho kaja sikapsa mokwanira. Afunseni madokotalawo nambala ya muyeso umenewu pa chigaza cha bambo anu, muwafunsenso za deep brain stimulation, opaleshoni yoika timawaya mu ubongo, imene sidalira kapangidwe ka chigaza.