Amuna anga ali ndi hemofiliya, ndiwapatse asipilini mtima ukawavuta?

Mayi wina wa ku Linthipe wanditumizira imelo. Amuna awo anabadwa ndi hemofiliya, matenda ochedwetsa magazi kuundana, ndipo tsopano awapezanso ndi BP. Anamva kuti munthu akayamba kumva kuwawa kwambiri pachifuwa azitafuna asipilini, ndiye akufunsa ngati nawonso angatero.

Ayi mayi, chonde musawapatse panokha.

Mtima umavutika chonchi magazi akaundana n'kutseka mtsempha woudyetsa. Asipilini, clopidogrel ndi heparin ntchito yake ndi kuletsa kuundanako. Koma bambo a kwanuwo magazi awo ndi osowa kale chinthu chothandiza kuundana, chotchedwa factor VIII pa hemofiliya A, kapena factor IX pa hemofiliya B. Mankhwala opulumutsa anzawo angawachititse iwo kutaya magazi m'mimba kapena mu ubongo. Ndipo musamvere zoti wa hemofiliya mtsempha wake sungatseke. Umatseka ndithu, makamaka ngati pali BP, shuga kapena fodya.

Sikuti alibe chithandizo. Madokotala amayamba awabaya factor yosowayo kuti ikwere, kenako n'kupereka mankhwala a mtima akuwayang'anitsitsa. Jakisoni wosungunula magazi oundana, ngati streptokinase, amamupewa. Kumene kuli zipangizo amatsegula mtsemphawo ndi kachubu kolowetsera padzanja osati m'mphechepeche, poti padzanja magazi savuta kuwaletsa. Zimadaliranso kukula kwa matendawo: amene factor yake siifika 1 peresenti ya mlingo wa munthu wabwinobwino sasamalidwa mofanana ndi amene yake ili pakati pa 5 ndi 40 peresenti.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi nthawi. Chifuwa chikawathina ngati aikidwa mwala, thukuta lili kamukamu, ululu ukutsikira kumkono wamanzere kapena kukwera kunsagwada, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto, thamangirani kuchipatala cha boma ku Dedza, ndipo mawu oyamba kwa anamwino akhale akuti, "Awa ali ndi hemofiliya." Nenani asanawabaye kapena kuwamwetsa chilichonse. Akawayeza mtima ndi ECG, madokotala ndiwo aone zowatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Sabata ino, akadali bwinobwino, pitani nawo akalembetse m'buku lawo la kuchipatala mtundu wa hemofiliya ndi mlingo wa factor, ayezetsenso BP. Mawondo akamawawa amwe Panado. Brufen, Indocid ndi diclofenac zichoke m'nyumbamo, poti nazonso zingawachititse kutaya magazi.