Makina a mphepo akuzungulira koma batire silikudzadza

Funso: Ndinagula kamakina kopanga magetsi ndi mphepo kolembedwa 400W, n'kukamangirira padenga la nyumba kuno ku Nkhotakota. Mapiko amazungulira tsiku lonse, makamaka mwera ukayamba, koma batire la 12V silidzadza. Kodi anandigulitsa chakufa?

Yankho: Achimwene, musanapite kukalalatira wogulitsa, katsitseni padengapo. Mphepo ya padenga imakhala itagunda kale makoma ndi mitengo ya mango, ndiye imafika yobalalika. Mchira wa makina umangogwedera uku ndi uku, mapiko n'kumathamanga opanda mphamvu. Dziwaninso kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8, ndipo likatsika imagwanso motero. 400W yolembedwayo imafuna mphepo ya mamita pafupifupi 12 pa sekondi. Padenga lanu siifika pamenepo. Ku Lake Turkana ku Kenya, komwe kuli makina akuluakulu a mphepo 365 a mtundu wa Vestas V52, alionse a 850kW, anayamba ayeza mphepo kwa zaka asanakumbe maziko, ndipo anawaimika pansanja zazitali pamalo opanda chotchinga. Inu mukufuna zomwezo ndi misomali inayi pamalata? Ikani papaipi yopitirira mitengo yoyandikana nayo ndi mamita ngati 9.

Kaya makinawo ndi akufa kapena ayi, ine ndimayeza chonchi. Masulani mawaya atatu ochokera kumakina pamene amalowera mu controller, kabokosi kamene kamalandira magetsi a makina n'kumawatumiza kubatire. Kukuwomba kamphepo kochepa, gundanitsani onse atatu pamodzi. Mapiko ayenera kulemera nthawi yomweyo, n'kumayenda mwaulesi ngati akufuna kuima. Akatero, maginito ndi makoyilo ali bwino. Akapitiriza kuthamanga ngati palibe chachitika, waya waduka penapake, kawirikawiri pa ma slip ring, timphete todutsitsa magetsi ta m'khosi mwa makina, kapena unapotana m'kati mwa paipi mpaka kuthothoka. Kenaka gundanitsani awiriawiri: mapiko azichita ngati akudumphadumpha, ndipo kudumphako kufanane pa magulu atatu onse. Muli ndi multimeter, mita yoyezera magetsi? Iikeni pa AC, yezani awiriawiri omwewo. Manambala akhale oyandikana. Akasiyana kwambiri, koyilo yapsa kapena waya umodzi waduka. Izi muzichita kumbali ya makina, osati ya batire, mungaphulitse batire kumaso. Musayesenso mwera utakwiya, ndipo mukamaliza musasiye mawayawo ali lendelende, makina opanda katundu amathamanga mpaka mapiko kuthyoka.

Zonsezi zikakhala bwino, vuto ndi controller. Timacontroller tobwera m'katoni limodzi ndi makina otchipawa ma diode ake, tizipangizo tosandutsa magetsi a makina kuti alowe mubatire, amapsa msanga, ndipo ndatopa nato. Controller ya sola musayikepo, ngakhale ambiri amatero, siyidziwa kumanga buleki batire likadzadza. Onaninso waya wotsika papaipi. Ngati ndi uja woonda wa sipika, magetsi akuthera m'njira. Ndipo ngati batirelo ndi lakale lochotsa m'galimoto, yambani mwasintha limenelo.