Kapinga akuuma, madzi ndi ochepa: ndiyambire pati?

Mayi wina wandilembera imelo kuti chilala chavuta kwawo ndipo madzi akutuluka mwa apo ndi apo. Kapinga wa pakhomo wafiira, kuseri kwa nyumba kuli kadimba ka ndiwo zamasamba ndi timitengo tazipatso. Akufunsa kuti madzi ochepawo awagawe bwanji.

Mayi, kapingayo musiyeni kaye. Ndikudziwa kuti zimapweteka mtima kumuona akufota mutamusamalira nthawi yaitali, koma udzu ukasowa madzi umangogona. Masamba amauma pamene mizu ikadali yamoyo kwa milungu ingapo, ndipo mvula ikagwa umaphukanso. Kuti akhale wobiriwira, kapinga amafuna madzi okwana mamilimita 25 pa sabata. Pabwalo la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, amenewa ndi malita 2,500 sabata iliyonse. Pa nthawi ya chilala, kutayira madzi ochuluka chonchi pa udzu ine ndimaona kuti si chilungamo. Musamutchetche mofupika kwambiri, musamuthire feteleza, ndipo ana asamasewerepo kawirikawiri. Chilala chikapitirira mwezi, mungamuthirire pang'ono kamodzi pa milungu itatu kapena inayi kuti mizu isafe.

Madziwo apite ku mitengo, makamaka imene mwabzala zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Mtengo ukauma, mudzadikira zaka kuti wina ufike pamene unafika. Musathire patsinde penipeni. Mizu yomwa madzi ili cha kumene nthambi zalekezera, choncho thirani pamenepo pang'onopang'ono kuti madzi alowe pansi, kamodzi pa sabata.

Kudimba, thirirani m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo madzi agwere panthaka, osati pamasamba. Kuwaza timadzi tsiku lililonse kumachititsa kuti mizu izingoyenda pamwamba pomwe pamauma msanga. Musanathirire, pisani chala m'dothi. Ngati pansi pali chinyezi, dikirani mawa. Chimene ndimalimbikitsa kwambiri ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma kapena masamba, masentimita 5 mpaka 8, kusiya kampata kuzungulira tsinde kuti lisawole. Zuliraninso udzu wongomera wokha, chifukwa nawo ukumwa madzi omwewo. Ngati muli ndi mphika wadothi wosapaka utoto, ukwirireni mpaka m'khosi pakati pa mbewu, mudzazemo madzi n'kuvundikira. Madzi amachucha okha pang'onopang'ono kupita ku mizu.

Munafunsanso za madzi osambira ndi ochapira. Mitengo ndi maluwa mungathirire, koma muwagwiritse ntchito tsiku lomwelo asanayambe kununkha, ndipo muzisinthasintha malo othirapo kuti sopo asachuluke m'nthaka. Amene ali ndi mankhwala oyeretsera zovala (bulichi), mafuta ambiri, kapena ochapira matewera a mwana, atayeni kutali ndi dimba. Pa ndiwo zodyedwa zosaphika, thirani madzi oyera okha.