Chifefe chimodzi mapaundi 100,000: amagula luso kapena dzina?

Mbale wathu wina amene amakhala ku London wanditumizira imelo. Akuti analowa m'sitolo ya Purdey, kampani yopanga mfuti, ku Mayfair kungofuna kuona, ndipo atafunsa mtengo wa mfuti yatsopano ya chifefe, anamva kuti umapitirira mapaundi 100,000. Funso lake n'lakuti: kodi mfutizi n'zopangadi pamanja, kapena anthu olemera amangogula dzina?

Achimwene, dzinalo amaliguladi, tisanamizane. James Purdey anatsegula bizinesi yake mu 1814 atagwirako ntchito kwa Joseph Manton, katswiri wa mfuti wa nthawi imeneyo. Kampani ina ya mfuti, Holland & Holland, inayamba mu 1835. Mayina akale chonchi amakweza mtengo paokha. Komabe ndalama zambiri zimathera pa nthawi ya amisiri, chifukwa mukaitanitsa mfuti lero mudikira chaka ndi theka kapena zaka ziwiri.

Mfuti imodzi imadutsa m'manja ambiri. Alipo wa mipope, wina wa chitsulo chapakati pomwe mfuti imatsegukira, wina wa thabwa, wina wozokota, ndiye womaliza amene amaphatikiza zonse. Aliyense amaphunzira gawo lake lokha kwa zaka zingapo asanaloledwe kugwira mfuti ya kasitomala.

Gawo limene ine limandigometsa ndi la mwaye. Mmisiri amayatsa kanyali ka parafini, n'kudetsa chitsulo ndi utsi wake. Kenako amatseka mfutiyo, n'kuitsegulanso. Pamene mwaye wachoka ndi pomwe zitsulo zagundana, ndiye amapalapo pang'ono ndi tupa. Adetsanso, atseka, atsegula, apala. Amatero tsiku ndi tsiku mpaka mbali zonse zitakhudzana mofanana, osasiya mpata woti n'kulowa ndi tsitsi lomwe. N'chifukwa chake mfuti zina zopangidwa cha m'ma 1900 zikugwirabe ntchito mpaka pano, ndipo zikakhwepa amatha kuzimangitsanso. Thabwa nalo amalilowetsa kuchitsulo m'njira yomweyi ya mwaye.

Mipope iwiri ya mfutizi, momwe mumadutsa tizipolopolo, nayonso ili ndi chovuta chake. Ili pambalipambali kapena wina pamwamba pa unzake, koma iyenera kuponya tizipolopolo pamalo amodzi pa mtunda wa mayadi 40. Amaiyesa poombera chitsulo chopaka choyera, ndipo ikasemphana amaikonza kufikira itagwirizana.

Tsono pa thabwa ndi pomwe mwini mfuti amalowerapo. Amasema kuchokera ku mtengo wa walnut, kawirikawiri wochokera ku Turkey, woumitsidwa kwa zaka. Asanadule, amakuyezani ngati mmene telala amachitira ndi suti: kutalika kwa mkono, pomwe tsaya limagona, diso limene mumaonera bwino. Ali ndi mfuti yoyesera yomwe thabwa lake limasunthika, ndipo mumaombera nayo uku iwo akusintha. Chifukwa chake n'chakuti mbalame youluka sipereka nthawi yotsinzina diso n'kulunjika. Mfuti ikangofika paphewa iyenera kuloza pomwe maso akuyang'ana. Akatha kusema amadula timizere togwirira m'modzim'modzi, n'kupaka mafuta a linseed ndi chikhatho, pang'onopang'ono, kwa milungu yambiri.

Zozokota, timaluwa ndi mbalame zija, n'zokongola ndithu, koma siziwonjezera kanthu pa kaomberedwe.

Isanagulitsidwe, mfuti iliyonse ku Britain imayenera kuyesedwa ndi onga wamphamvu kuposa wa masiku onse ndi kudindidwa chizindikiro. Ntchitoyi imachitikira ku London Proof House kapena ku Birmingham Proof House, yomwe inakhazikitsidwa mu 1813.

Nanga makina? Alipo. Masiku ano makampaniwa amadula zitsulo ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, mmisiri n'kulandira chinthu chofika kale pafupi ndi muyezo. Ena amadandaula nazo, ine ayi. Makina achotsa thukuta la kupala chitsulo chochuluka, koma tupa yomaliza ikadali m'dzanja la munthu.

Mukandifunsa ngati Purdey imagwetsa mbalame zambiri kuposa mfuti ya Beretta yapafakitale ya mapaundi masauzande ochepa, ndiyankha kuti ayi, bola thabwa likhale lokuyenerani. Ofuna ntchito yamanja pa mtengo wotsikirapo amayang'ana ku kampani ya AYA ku Eibar, m'dziko la Spain, kapena amagula mfuti zakale za ku Birmingham pa okushoni. Kumeneko n'kofunika kupita ndi munthu wodziwa kuyeza makulidwe a mipope, chifukwa mfuti yokalamba imayamba kutha pamenepo.