Ndinadziwongola, nanga mnofu unang'ambika bwanji?

FUNSO: Ndili ndi zaka 41 ndipo ndimamenya mpira wa sosho Loweruka m'mawa. Ndikafika pabwalo ndimawerama n'kugwira zala za kumapazi kwa kanthawi, kenako n'kulowa. Sabata yatha ndikuthamangira mpira ndinangomva kuti thapu! kuseri kwa ntchafu. Kunyumba akundithowa ndi madzi otentha koma patupa. Ndinalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Kawale.

YANKHO: Pepani bambo. Kudziwongola munadziwongola, koma thupi simunalitenthetse, ndipo izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mnofu wozizira uli ngati legeni yomwe yagona panja mu June: mukaikoka mwadzidzidzi imaduka. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu ndi womwe umagwira mwendo kuti usapitirire pamene mwautaya kutsogolo pothamanga, n'chifukwa chake umakonda kung'ambika pa liwiro lalikulu.

Fikani pabwalo kudakali mphindi 15. Mphindi 5 zoyamba zungulirani bwalo mothamanga pang'onopang'ono, liwiro loti n'kumachezabe ndi mnzanu. Kukazizira, monga mmene Lilongwe amachitira mu June ndi July, onjezerani zifike 10 ndipo juzi musavule. Kathukuta kakayamba pamphumi, yambani kuwongola minofu mukuyenda, osati mutaima. Gwirani goli, ponyani mwendo kutsogolo ndi kumbuyo ka 10, kenako cham'mbali ka 10 kuti mphechepeche zimasuke, musinthe mwendo. Pa mtunda wa mamita 20 thamangani mokweza mawondo, pobwerera zidendene zizigunda kumatako. Ponyani phazi patali n'kutsitsa chiuno, ka 8 mwendo uliwonse, bondo lisapindikire mkati. Malizani ndi kuthamanga katatu mamita 30, koyamba theka la liwiro lanu, komaliza pafupifupi lonse. Gawo lomalizali ambiri amalidumpha chifukwa anzawo ayamba kale kuwaitana, chonsecho ndi lomwe limauzolowetsa mnofu ntchito yomwe ukukaigwira. Mukatha musakhalenso pansi kudikira ochedwa, thupi limazizira msanga.

Kuwerama kwanu kuja malo ake ndi mpira ukatha. Katumba, ntchafu kutsogolo ndi kuseri, chilichonse chigwireni masekondi 20 mpaka 30, kawiri, mukupuma bwinobwino. Muzimva kukoka, osati ululu, ndipo osamadzigwedeza ngati mukupopa njinga.

Tsono za kuthowazo, auzeni mayi kunyumba ayambe aleka. Masiku awiri oyamba kutentha ndi kusisita kumawonjezera magazi otuluka mkati, n'chifukwa chake patupa. Chofunika chinali ayezi wokulunga m'kansalu, mphindi 15 mpaka 20 pa maola awiri kapena atatu aliwonse, bandeji yomanga mosathinitsa, ndi kuika mwendo pamtsamiro. Ngati mukulephera kuponda, pada kwambiri, kapena mukapapasa mukupeza kadzenje pamnofu, pitani kuchipatala. Ku Kamuzu Central kuli a fiziyo, akatswiri othandiza ovulala minofu ndi mafupa. M'bwalo mubwerere pokhapokha mukamathamanga liwiro lonse osamva kanthu. Mnofu umenewu umakonda kung'ambikanso pomwepo munthu akafulumira.

FUNSO: Ndimathamanga m'mawa cha ku Bingu Stadium. Kodi kudziwongola kungathetse kuphwanya kwa miyendo komwe ndimamva mawa lake? Mtsikana wa ku Area 49.

YANKHO: Ayi achemwali, sikuthetsa. Kuphwanyako kumadza mukapatsa minofu ntchito yoposa yomwe inazolowera. Kumakula pakatha tsiku limodzi kapena awiri, kenako kumatha kokha. Yendani pang'ono tsiku limenelo m'malo mogona, ndipo mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Koma ululu wobaya pamalo amodzi, makamaka pa bondo kapena pa fupa la msongolo, si kuphwanya wamba: siyani kaye kuthamanga, akakuoneni.