Kusintha zimene Emacs imaonetsa ikamatseguka

Mmodzi mwa owerenga, amene wangoyamba kumene kuphunzira Emacs (pulogalamu ya pakompyuta yolembera ndi kukonzera mafayilo), wanditumizira imelo yofotokoza kuti nthawi iliyonse akatsegula Emacs imamuonetsa tsamba lolonjera lokhala ndi chizindikiro cha GNU (pulojekiti imene imakonza Emacs), pomwe iye akufuna kuti izimutsegulira fayilo imene amalembamo ntchito za tsiku. Akuti analemba kale mzere wochotsa tsambalo mu init.el, fayilo ya makonzedwe a Emacs, koma palibe chimene chinasintha.

Kwa inu amene mwafunsa, ndiyamba ndi vuto la mzere umene sunagwire ntchitowo, chifukwa ndikuganiza kuti Emacs sikuwerenga n'komwe fayilo imene mwalembamo. Ikamayamba, imafunafuna makonzedwe anu motsatira ndondomeko yake: imayang'ana kaye ~/.emacs.el (chizindikiro cha ~ chikuimira foda yanu yaikulu pa kompyuta), kenako ~/.emacs, ndiyeno ~/.emacs.d/init.el, ndipo ikapeza imodzi imawerenga yomweyo, zinazo osazikhudza. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu amasintha kukula kwa zilembo kudzera pa menyu n'kusunga asanakhale ndi init.el, ndipo Emacs imamupangira yokha ~/.emacs, fayilo yobisika imene mwini wake saidziwa. Kuyambira pa Emacs 27, imene inatuluka mu 2020, palinso ~/.config/emacs/init.el, koma iyi siwerengedwa ngati ~/.emacs.d ilipo. Kuti mutsimikize, dinani C-h v (kutanthauza Ctrl ndi h pamodzi, kenako v), mulembe user-init-file, ndipo Emacs ikuuzani fayilo imene yawerenga. Mukapeza kuti ndi ~/.emacs, samutsirani zimene zilimo ku init.el, kenako muchotse ~/.emacs.

Ngati fayilo ndi yolondola, mwina pali cholakwika pa mzere wina wa pamwamba, pakuti Emacs ikakumana ndi cholakwika imasiya kuwerenga mizere yonse yotsatira. Kuitsegula ndi lamulo lakuti emacs --debug-init kumaonetsa pamene yapunthwa.

Tsopano ku zimene mukufunazo. Mzere wochotsa tsamba lolonjera ndi uwu:

(setq inhibit-startup-screen t)

Ukagwira ntchito, mudzapeza kuti m'malo mwa tsambalo mwabwera *scratch*, malo oyeserapo Lisp (chinenero cha pakompyuta cholembera makonzedwe a Emacs) amene ali ndi uthenga waufupi pamwamba. Ndikuchenjezeni pano, chifukwa ambiri ataya zolemba zawo pamenepa: *scratch* siyolumikizidwa ku fayilo iliyonse, ndipo mukatseka Emacs zonse zimene munalembamo zimapita popanda kukufunsani. N'chifukwa chake sindikulangizani kuti mungochotsa tsamba lolonjera n'kulekera pomwepo. Iuzeni Emacs chimene mukufuna kuona:

(setq initial-buffer-choice "~/ntchito.org")

M'malo mwa ntchito.org muike dzina la fayilo yanu. Mukaika dzina la foda, Emacs idzakuonetsani mndandanda wa mafayilo amene ali mmenemo, zomwe zimathandiza munthu amene amagwira ntchito pa mafayilo angapo a pulojekiti imodzi. Mzere umenewu pawokha umalepheretsanso tsamba lolonjera kuoneka, choncho woyamba uja sakhalanso wofunikira kwenikweni, ngakhale kuusiya sikuwononga kanthu.

Pali njira ina imene ena amaikonda, ya desktop-save-mode, imene imabwezeretsa mafayilo onse amene anali otsegula pamene munatseka Emacs komaliza. Ine ndinaigwiritsa ntchito kwa kanthawi ndipo ndinaisiya, chifukwa mafayilo amachuluka tsiku ndi tsiku, kutseguka kumayamba kuchedwa, ndipo m'mawa umakumana ndi zotsalira za dzulo m'malo mwa ntchito ya lero. Kwa inu amene mwanena kuti muli ndi fayilo imodzi yoyambirapo tsiku, initial-buffer-choice ndiyo yoyenera.

Popeza mwati mwangoyamba kumene kuphunzira Emacs, musade nkhawa kuti mukachotsa tsambalo mwatayanso maphunziro amene limalozera. Kudina C-h t kumatsegula phunziro la oyamba kumene nthawi ina iliyonse, ndipo C-h r kumatsegula buku lonse la malangizo.