Kusala foni pa Lenti: kuyankha achemwali ogulitsa kaunjika

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Lilongwe. Akuti: "Chaka chino ndikufuna kusiya Facebook, TikTok ndi WhatsApp pa Lenti yonse chifukwa ndimagona ndi foni, kudzukanso ndi foni, Baibulo langa lachita kutuwa ndi fumbi. Koma kaunjika wanga ndimagulitsira pa status, komanso achimwene ali ku Joni timalankhulana pa WhatsApp pomwepo. Ndikasiya zina n'kusunga zina, sindikhala ngati ndikunamiza Mulungu?"

Achemwali, ayi ndithu simukunamiza munthu. Mpingo sunalamulepo za foni, chimene umatiuza ife Akatolika ndi kusala kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kenako osadya nyama Lachisanu lililonse la Lenti. Zinazi ndi zodzipereka nokha. Ngakhale Papa Francis pa Lachitatu la Phulusa la 2020 ananenapo kuti Lenti ndi nthawi yosiyako foni n'kugwira Uthenga Wabwino, koma sananene kuti ana agone ndi njala chifukwa mayi atseka shopu. WhatsApp kwa inu ndi benchi ya pamsika, ndi momwenso mumamvera uthenga wa maliro akumudzi. Isiyeni ikhale, muingoikira malire, mwina kuyambira 8 mmawa mpaka 5 madzulo, mukatero data thimitsani. Ma gulupu a miseche aja, inu mukuwadziwa, tulukanimo kapena aikeni pa mute. TikTok ndi Facebook zokhazo chotsani mufoni, osati kungolonjeza pakamwa, chala sichimva malonjezo.

Ndikunena izi chifukwa ine ndinayesapo ndipo zinandivuta zochititsa manyazi. Facebook ndinaichotsa bwinobwino Lachitatu ndili ndi phulusa pachipumi, kufika Loweruka ndinapezeka ndikusewera ka gemu kenakake mpaka 11 koloko usiku, ndiye ndinadzifunsa kuti kodi ndasala chani apa, ndangosintha mbale koma nsima ndi yomweyo. Vuto silinali Facebook. Ndinkaopa kukhala chete, chifukwa ukangokhala phee zimayamba kubwera zija umazithawa, ngongole, munthu uja sunamukhululukire, pemphero limene unasiya kalekale.

Ndiye musanachotse kalikonse yambani mwaganiza kuti nthawi imeneyo muikamo chani. Uthenga wa Marko uli ndi mitu 16 yokha, mutu umodzi masiku awiri aliwonse mumaliza Pasaka asanafike. Lachisanu pitani ku Njira ya Mtanda, foni itsale kunyumba. Ku mphakati kuja munasiya kupita chifukwa "kulibe nthawi", nthawi ija yapezeka tsopano.

Komanso paja Lenti kuno imayamba mu February kapena March, nthawi imene nkhokwe zili mbee ndipo chimanga chakumunda sichinache. Pa Yesaya 58 Mulungu akuti kusala kumene amafuna ndi kugawana chakudya ndi wanjala. Ndalama ya bandulo ya TikTok ija muziiponya mukachitini sabata iliyonse, mugulire ufa agogo ena apafupi nanu. Apo mwasala zenizeni.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, musalembe post yotsanzika ija ya "abale ndachokako kaye masiku 40 ndikukafuna nkhope ya Ambuye". Pa Mateyu 6 Yesu anati ukamasala usambe kumaso, udzole mafuta, anthu asadziwe. Ndipo tonse timadziwa kuti wolemba zimenezo amabwereranso madzulo kudzaona kuti alayika ndi angati. Auzeni achimwene ku Joni ndi makasitomala anu maola amene muzipezeka, basi.

Za Lamulungu ena amatsegulako chifukwa masiku 40 aja sawerengera ma Sande, kuchokera pa Phulusa mpaka Loweruka Loyera ndi masiku 46. Ine sinditsegula, ndimadzidziwa, ndikangolawa Lamulungu Lolemba ndabwerera. Mukagwa pakati panjira musati basi zalephereka, chotsaninso appuyo mawa lake mupitirize. Mudzandilembere ikatha Pasaka, ndikufuna kumva ngati Marko munamumaliza.